Ombwe wa M'botolo

Pilirani, mwana wanga, tsiku lomwe anzanga a kuntchito ananditsanzika unandifunsa funso tili m'galimoto kubwerera kunyumba. Unati, "Amayi, bwanji mwapuma pa mpando womwewo umene munayambira, pamene anzanu ena anafika mpaka ku likulu?" Ndinakuyankha kuti udindo ndi mwayi. Nkhope yako ndimaidziwa, sunakhutire. Yankho lenileni ndi lalitali, silikanakwana pa mtunda wochoka ku ofesi kufika kuno ku Masongola. Tsopano nthawi ndili nayo yambiri, ndiye ndalemba kuti iwe ndi mlongo wako Yamikani muwerenge. Za ubwana wanga sindilemba, agogo anu anakusimbirani mpaka kuwonjezera zina. Zaka zenizeni zinandisokonekera m'mutu, choncho ndiziwerenga potengera msinkhu wako.

Iwe usanabadwe

Nditamaliza maphunziro a ulangizi wa zaulimi ananditumiza ku midzi ya m'munsi mwa phiri, kupitirira Songani pang'ono. Anandipatsa njinga yakapalasa, jombo zazikulu kuposa mapazi anga, ndi nyumba yomwe denga lake linkadontha pabedi penipeni. Dera limenelo ndi la madimba. Timitsinje totsika m'phiri sitiphwa, ndiye mvula ikatha anthu amadzala mpiru, repu, chainizi ndi kabichi, n'kumapita nazo ku msika wa m'tauni m'madengu.

Bwana wanga woyamba anali a Matewere, bambo achikulire osakweza mawu. Tsiku loyamba anandilowetsa m'dimba lina n'kundifunsa kuti mpiru ndikuuona bwanji. Ine ndi sukulu yanga ndinayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti uli bwino. Iwo anati, "Mwaupatsa moni wa pamsewu. Tembenuzani tsamba." Nditatembenuza ndinapeza kunsi kwake kuli mbuu ndi nsabwe, tizilombo tofewa tating'onoting'ono todzipanikiza pamodzi. Nsabwe zimenezi zimayamwa madzi a tsamba mpaka limapindika n'kufota, zimasiya zomatamata zomwe nyerere zimakonda, ndipo nyengo yozizira yopanda mvula zimaswana ngati zatumidwa. A Matewere anati, "Mlangizi amene sawerama ndi mlendo chabe." Kuyambira tsiku limenelo sindinadutse m'dimba la munthu osatembenuza tsamba, ndipo mukudziwa kuti ngakhale kumsika ndimakuchititsani manyazi ndi khalidwe lomweli.

Vuto lalikulu silinali nsabwe zokha koma m'mene anthu ankaziphera. Pamsika pankapezeka timabotolo topanda chizindikiro, muli mankhwala opopera thonje omwe wina wagawa pang'onopang'ono. Mlimi ankasungunula ndi dzanja, n'kupopera madzulo, m'mawa n'kuthyola kupita nazo ku tauni. Masamba ake ankaoneka okongola zedi, opanda ngakhale kabowo, ndipo amayi a m'maofesi ankalimbirana amenewo. Mankhwala oterewa amafuna kuti padutse masiku ambiri munthu asanadye, koma dengu la lero ndiye linali mchere ndi sopo wa mawa. Ndinkalankhula mpaka kusasa mawu, anthu n'kumavomera mwaulemu, ine ndikangokwera njinga iwo n'kutulutsa kabotolo.

Amene anayamba kundimvera anali Abiti Yusufu, mayi wachisilamu wamasiye, wamfupi, wosaopa munthu. Anali wapampando wa kalabu ya amayi a madimba. Sanandimvere chifukwa cha ulaliki wanga ayi. Tsiku lina atapopera anagwa m'dimba ndi chizungulire, nasanza tsiku lonse, manja atatupa. Nditapita kukawaona anandiuza ali chigonere pamkeka kuti, "Alangizi, botolo lija landikana. Koma musandiuze kuti ndisiye basi. Ndipatseni china, chifukwa nsabwe sizimva ulangizi."

Chaka chomwe unabadwa

Chaka chimenecho ku ofesi kunasowa chilichonse. Mapepala kunalibe, mafuta a njinga yamoto ya bwana kunalibe, ndipo dera lonse linali ndi sipuleya imodzi yomwe inkanyowetsa msana wa wopopera kuposa masamba. M'kusowa momwemo ndi momwe ine ndi a Matewere tinayamba kufunsa akuluakulu za zomera zimene makolo ankagwiritsa ntchito, n'kuphatikiza ndi zochepa zomwe tinamva kusukulu. Tinayesa nimu, deliya wa maluwa achikasu uja wa m'mbali mwa msewu, tsabola, ndi ombwe. Ombwe ndi chitsamba chomwe kale anthu ankaphera nsomba m'madziwe, ndipo pa nsabwe ndi umene unatithandiza kwambiri.

Kakonzedwe kake si kovuta koma n'kotopetsa. Umathyola masamba, kusinja, kuviika m'ndowa usiku wonse, m'mawa kusefa ndi chitenje chakutha, n'kupalirako kasopo pang'ono kuti madziwo azimata patsamba. Umapopera dzuwa litapendeka chifukwa dzuwa limapha mphamvu yake, ndipo umabwereza sabata iliyonse osadumpha. Ukapopera umadikira masiku angapo usanathyole, n'kutsuka bwino. Zotsala sutaya mumtsinje, chifukwa zimapha nsomba za m'madamu a anzako. Mtondo wake umakhala wapadera. Abiti anautema chizindikiro ndi chikwanje n'kulengeza kuti amene adzasinjiremo nsinjiro adzatuluka m'kalabu.

Popeza sipuleya inali imodzi, amayi ankawaza ndi timatsache. Apa ndi pamene tinavutana. Ankaima chilili n'kumawaza pamwamba ngati wansembe akudalitsa nyumba, nsabwe zili phee kunsi kwa tsamba ngati anthu obisala mvula pakhonde. Pakapita sabata ankabwera kudzandiuza kuti mankhwala anga ndi abodza. Ndinayenera kugwada nawo bedi ndi bedi, dzanja lina kutembenuza tsamba, lina kuwaza, iwe uli kumsana. Amuna odutsa panjira ankatiseka kuti boma lasauka mpaka layamba kutuma anthu kutchire. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita nyengo ziwiri mabedi a kalabu anali abwino, tizilombo tofiira ta madontho akuda tomwe timadya nsabwe tinabwerera, ndipo amayi ena a m'tauni anayamba kufunafuna dengu la Abiti, ngakhale masamba ake ankakhala ndi timabowo apa ndi apo.

Uli sitandade wani

A Matewere atapuma kunabwera bwana wina. Dzina lawo sinditchula chifukwa ana awo alipo ndipo sanalakwe kanthu. Ife tinkawatcha a Lipoti. Anali munthu wophunzira, wolimbikira, ndipo ndisaname, ndi iwo amene anabweretsa pulojekiti ya bungwe lina lothandiza alimi, yomwe inatipatsa makeni othirira, mbewu ndi masipuleya. Vuto lawo linali lakuti munda ankauona ngati chithunzi choika mu lipoti. Ankafika atavala nsapato zonyezimira n'kuima pamzere wouma, manja m'thumba. Sindinawaonepo atawerama.

Chaka chimenecho mpando wa woyang'anira alangizi unali wopanda munthu, ndipo a Lipoti anandiuza poyera kuti dzina langa ndi limene akufuna kutumiza. Mpandowo unkabwera ndi nyumba ya boma m'tauni, ya magetsi ndi mpopi. Bambo anu ankagwira ntchito ya ukalaliki m'tauni, ankakhala m'kachipinda ku Zakazaka n'kumabwera kwathu Loweruka lokha. Yamikani anali wakhanda. Ndinkaifuna nyumba imeneyo, sindibisa. Ndinali nditasankha kale ndi nsalu ya makatani.

Chotsala chinali tsiku lachionetsero. Alendo a bungwe lija ankabwera kudzaona ngati mankhwala a zomera akugwiradi ntchito, ndipo dimba losankhidwa linali la kalabu ya Abiti. A Lipoti ankafuna Lachisanu, Abiti anakana kuti limenelo ndi la ku mzikiti, ndiye tinagwirizana Lachinayi. Pa chionetsero pali mwambo wake. Alendo akayendera munda, amayi amathyola ndiwo m'munda womwewo n'kuphika, alendo n'kulawa, kenako mudzi wonse ndi ana omwe n'kudya. Zotsala amagawana, mawa lake n'kupita nazo kumsika. Ndi m'mene alimi amasonyezera kuti zomwe akuonetsazo si zokongoletsa chabe.

Kutatsala masabata ochepa, m'mudzimo munagwa maliro. Anamwalira mchimwene wa Abiti, ndipo asanamalize sadaka anamwaliranso gogo wina wa kutsidya kwa khwawa. Kumudzi pakakhala maliro palibe amene amagwira khasu kapena keni poyera, ndipo amayi a kalabu ndi omwewo amene ankaphika pa maliro onse awiri. Ankangozemba m'bandakucha kukathirira kuti mbewu zisafe, koma kusinja ombwe pamtondo anthu akulira sikukanatheka. Masabata awiri anadutsa osapopera, kunja kukuzizira. Nditafika Lolemba la sabata ya chionetsero ndinatembenuza tsamba limodzi n'kukhala pansi pomwepo.

Sabata ya chionetsero

A Lipoti anafika masana a Lolemba lomwelo. Ngakhale iwo amene sankawerama anaona kuti masamba apindika. Ananditengera pambali, pansi pa mtengo wa mango, n'kutsegula chikwama cha panjinga yamoto. Munali botolo la pulasitiki lopanda chizindikiro. Fungo lake ndinalidziwa asanatsegule n'komwe.

"Mai Namaona, tiyeni tikhale siliyasi," anatero. "Mupopere izi mawa. Pofika Lachinayi nsabwe zonse zikhala zitagwa. Palibe amene adziwe."

Ndinati, "Bwana, Lachinayi anthu adya masamba amenewa."

"Ndiye pang'ono pokha. Anthu amenewa akhala akudya zimenezi zaka zonsezi, anafa angati? Pulojekiti ikachoka, masipuleya aja mugula ndinu? Ganizani za alimi onse a dera lino, osati bedi limodzi."

Mfundo ya pulojekiti inali yoona, n'chifukwa chake inandipweteka. Koma ndinawauza kuti sindipopera. Ndinati tiwauze alendo za maliro, nawonso ndi anthu, amaika maliro kwawo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Dzina lanu sindinatumizetu." Anabweza botolo m'chikwama n'kuliza njinga. Ine ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Lachiwiri m'mamawa ndinamva odi. Anali Abiti, atafunda mpango wawo woyera, kanthu atakakulunga m'chitenje. Atakhala pakhonde anatulutsa botolo lija.

"Abwana anu anadzera kwathu dzulo," anatero. "Akuti uwu ndi ombwe womwewo, koma wokonzedwa ku fakitale, wamphamvu. Akuti tipopere lero, ndipo inu tisakuvutitseni chifukwa mwatanganidwa. Koma alangizi, ine mphuno yanga inadwalapo. Ombwe wanji wonunkha ngati tsiku lija ndinagwa?"

Pantchito ya boma timaphunzitsidwa kuti bwana sumuvula pamaso pa alimi. Ndikanatha kunena kuti mwina anasokoneza mabotolo. Koma mayi ameneyu anagwada nane m'matope zaka zonsezo. Ndinati, "Amayi, umenewo si ombwe. Ndi mankhwala a thonje, ndipo abwana akudziwa." Abiti sanadabwe. Anangogwedeza mutu n'kuvomera m'Chiyao kuti, "Elo. Ndimafuna ndimve pakamwa panu. Lisungeni ndinu, kwathu kuli adzukulu."

Tsiku limenelo ndi lotsatira lake tinagwira ntchito imene sindidzaiwala. Amayi onse a kalabu anabwera, ena ndi ana awo aakazi. Masamba opindika kwambiri tinawathyola n'kuwakwirira. Otsalawo tinkatembenuza limodzilimodzi, kufinya nsabwe ndi zala mpaka zala zinasanduka zobiriwira. Mabedi ambiri tinapopera ombwe wosakaniza ndi tsabola, anthu akuyetsemula ndi kutukwana nsabwe m'Chiyao. Mabedi awiri a kumapeto, omwe tinasankha kuti tidzathyolemo ndiwo za alendo, sitinathiremo ombwe. Amenewo tinangotsuka ndi madzi a sopo, n'kutsukuluza ndi madzi oyera. Tinagwirizananso kuti mabedi opoperawo asathyoledwe mpaka sabata yotsatira. Pofika Lachitatu madzulo dimba linali lopyapyala ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha, koma linali loimirira.

Lachinayi alendo anabwera pa magalimoto awiri. Sukulu inali yotseka, ndipo mayi woyandikana nafe anavomera kutsala ndi Yamikani yekha, ndiye ndinakutenga, utavala diresi yako yachikasu. A Lipoti anayang'ana mabedi ali chiimire, anaona masamba owongoka, n'kundimwetulira koyamba sabata imeneyo. Ndinazindikira pomwepo kuti akuganiza kuti botolo lawo lagwira ntchito. Analankhula bwino kwambiri za nzeru za makolo athu. Ine itafika nthawi yanga ndinafotokoza za maliro, ndi kuti ombwe si mphenzi, umafuna kubwereza. Mayi wina mwa alendowo anafunsa mafunso abwino n'kulemba. A Lipoti anaseka n'kuwauza kuti Mai Namaona ndi odzichepetsa.

Kenako inafika nthawi ya chakudya. Amayi anaphika mpunga, nkhuku, ndi mpiru wotendera wa m'mabedi awiri aja. Alendo anakhala pamipando, ana pamikeka chapafupi. Abiti anatenga mbale ya mpiru n'kugwada pamaso pa a Lipoti.

"Bwana, yambani ndinu. Ndi za m'munda wanu womwe uja."

"Zikomo amayi, koma m'mimba simuli bwino masiku ano. Ndingodya kankhuku."

"Pang'ono pokha, bwana. Masamba ndiye mankhwala a m'mimba."

"Ayi ndithu, apatseni alendo."

Abiti anasiya mbaleyo pambali pa mpando wa a Lipoti, anandiyang'ana kamodzi kokha n'kupitirira. Alendo anadya n'kuwonjezera. Ana anadya mpaka kunyambita mbale. Ine ndinkadziwa kuti ndiwozo zilibe vuto, komabe maso anga anali pa munthu amene ankakhulupirira kuti m'mbale zimenezo muli poizoni. Anakhala pamenepo akutafuna ntchafu ya nkhuku ndi kucheza ndi alendo.

Lolemba lotsatira

Chionetsero chinayenda bwino ndipo pulojekiti inapitirira. Lachisanu a Lipoti ananditumizira uthenga kuti ndachita mwanzeru, dzina langa litumizidwa sabata yamawa. Botolo linali pamwamba pa kabati yanga, lodzaza m'mene linabwerera.

Loweruka bambo anu atabwera ndinawafotokozera nkhani ya botolo. Anali munthu wabwino, koma anatopa ndi kachipinda ka ku Zakazaka ndi kudya yekha. Anati, "Amake Pilirani, Mulungu wakukonderani. Palibe wadwala, alendo akondwa, bwana akondwa. Kakwirireni botololo, mutseke pakamwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukufuna chiyaninso?" Ndinawauza kuti chionetsero china chili mwezi wamawa ku dera la mnzanga wina, mnyamata wongoyamba kumene ntchito, ndipo kumeneko kulibe Abiti wa mphuno yodwalapo. Bwana akakhulupirira kuti njira yawo inatheka kamodzi, adzaibwereza. Bambo anu anati, "Nanga dziko lonse mulikonza ndinu?" Ndinati ayi, koma botolo ili lili pakabati yanga, osati pa ya munthu wina. Sitinalankhulane bwino mpaka anabwerera ku tauni. Sindikuwaimba mlandu, zimene ankanena zinali za ife tomwe.

Lolemba ndinapalasa njinga kupita ku ofesi. Ndinadikira kuti mesenjala atuluke, ndinatseka chitseko, n'kuika botolo patebulo pa a Lipoti. Analiyang'ana, analinyamula, anaona kuti ndi lodzaza. Nkhope yawo inayamba yamasuka ngati munthu amene watula katundu, kenako inauma.

"Ndiye munandipusitsa," anatero.

Ndinati, "Sitinapopere, bwana, ndipo Abiti akudziwa chimene chili m'menemo. Ine sindipita nazo kwina kulikonse lero. Koma alangizi anzanga ndiwauza kuti makalabu awo asalandire botolo lopanda chizindikiro kwa munthu aliyense, ngakhale kwa ife a ku ofesi. Ndikadzamva kuti zachitikanso, ndidzakwera basi kukanena kwa akuluakulu."

"Mukundiopseza?"

"Ndikukudziwitsani, kuti musadzati sindinanene."

Anatsegula kabati n'kuikamo botolo. Kenako anati, "Mukhoza kupita, Mai Namaona." Ndinatuluka n'kukankha njinga mtunda wautali ndisanakwere.

Dzina langa silinatumizidwe. M'malo mwake mu fayilo yanga munalowa mawu akuti sindigwirizana ndi ondiyang'anira, ndipo mawu oterewa m'boma amakutsata ngati chipsera. Mpando unapita kwa wina. Mvula isanagwe ndinalandira kalata yondisamutsira ku midzi ya pamwamba, m'mphepete mwa nkhalango ya paphiri, komwe alangizi ankakukana. Abiti anabwera kudzanditsanzika ndi kathumba ka mbewu ya ombwe. Anati, "Sikomo, alangizi. Kumeneko n'kozizira, nsabwe zake n'zonenepa. Mukadzale msanga." A Lipoti anachotsa mwambo wa kulawa pa zionetsero zonse, akuti umadya nthawi. Mnyamata wongoyamba ntchito uja anandiuza patapita zaka kuti kwa iye sanabwere ndi botolo. Za madera ena sindikudziwa, ndipo sindinama kuti ndikudziwa.

Zaka za paphiri

Paphiri njinga inali yopanda ntchito, ndinkayenda wapansi m'tinjira toterera, chifunga chikatsika osaona ngakhale dzanja lako. Sukulu inali kutali kwa mwana wa msinkhu wako, n'chifukwa chake tinakutumiza kwa azakhali ako ku Zakazaka, komwe unkagona pansi ndi asuweni ako ndi kutunga madzi usanapite kusukulu. Ndimakumbukira tsiku lomwe ndinakusiya, unagwira chitenje changa osalira, ndipo kusalirako kunandipweteka kuposa kulira. Ndikudziwa kuti zaka zimenezo sunazikonde. Nyumba ya makatani ija sitinailowe. Ino ya ku Masongola tinamanga ndi bambo anu njerwa ndi njerwa, ndipo iwo anangokhalamo zaka zochepa.

Ntchito yokha inayenda. Alimi a paphiri amalima kabichi, mbatatesi ndi sitiroberi zogulitsa kwa alendo okwera phiri, ndipo nawonso anali ndi timabotolo tawo. Ndinayambanso pachiyambi, kugwada, kutembenuza tsamba, kukangana za mtondo. Kumeneko ndinalimbikira kwambiri za kusataya zotsala m'madzi, chifukwa madzi a paphiri ndi amene tauni yonse imamwa. Ena anamva, ena sanamve. Mabwana anabwera n'kupita, ena abwino ndithu, koma aliyense akatsegula fayilo ankapeza mawu aja, ndipo pamene wina anafuna kuwafufuta ndinali nditakalamba kale pa mpando wanga. Abiti anamwalira ndili komweko. Uthenga unandipeza mochedwa, ndinafika ataika kale monga mwa mwambo wawo, ndinangopezeka pa sadaka. Mtondo wotemedwa uja unali pakhonde, mwana wawo wamkazi ndi amene ankaugwiritsa ntchito.

Tsopano

Kuseri kwa nyumba ino mukudziwa kuti kuli mabedi anga anayi ndi mpanda wa ombwe womwe unachokera m'kathumba kaja. Msana sulolanso kuwerama nthawi yaitali, ndiye ndimapopera nditakhala pa kampando. Nthawi zina ndimaganiza za nyumba ya boma ija, ndipo sindinganene kuti sindidandaula. Ndikanakhala chete ukanakulira pakhomo pa mayi ako.

Koma pali kanthu kamodzi ka tsiku lachionetsero kamene sindinauze ngakhale bambo anu, chifukwa akanapita ku ofesi ndi chikwanje. Pa mkeka wa ana paja, iwe unakhala kumapeto, pafupi ndi mpando wa a Lipoti. Unamaliza mpiru wako msanga n'kukweza mbale kupempha wina. Iwo anakuyang'ana, n'kutembenukira kwa ine akumwetulira, nati, "Mai Namaona, kamtsikana kanu kamakonda masamba." Kenako anatenga mbale yawo ija anaikana, n'kukupatsira ndi dzanja lawo.

Unafunsa chifukwa chake ndinapuma pa mpando womwe ndinayambira. Unadya mbale ziwiri tsiku limenelo, Pilirani, ndipo madzulo unagona tulo tabwino pamsana panga tikubwerera kunyumba.